Mlandu wa Jean Grey ndi Mkonzi Amene Anakana Kumumasula

M'chaka cha 1980 kampani ya Marvel, ya mumzinda wa New York ku America, inatulutsa kabuku ka nambala 137 ka nkhani yazithunzi yotchedwa X-Men. Pamasamba otsiriza a kabukuko, mtsikana wina dzina lake Jean Grey akudzipha pamwezi, bwenzi lake likuyang'ana. Imfa imeneyi ndiyo inatseka nkhani yaitali imene masiku ano imadziwika kuti The Dark Phoenix Saga, yomwe inayambira m'kabuku ka nambala 129. Papita zaka zoposa 40 koma nkhaniyi ikusindikizidwabe, yapangidwapo mafilimu awiri, ndipo okonda timabuku totere akamatchula nkhani zimene zinasintha luso limeneli, imeneyi sisowapo. Pachikuto pamalembedwa maina awiri, la mlembi, a Chris Claremont, ndi la wojambula, a John Byrne. Chodabwitsa n'chakuti awiriwa sankafuna kuti Jean afe. Iwo anali atakonza kale mathero ena, mmene mtsikanayo anapulumuka n'kubwerera kwawo.

M'chimangirizo chino ndikufuna kuikira kumbuyo munthu amene anawakaniza mathero amenewo, a Jim Shooter, omwe panthawiyo anali mkonzi wamkulu wa Marvel. Ndikudziwa kuti ife ophunzira za zolembalemba sitimukonda mkonzi wolowerera pa ntchito ya mlembi. Timamuona ngati mlendo amene wangofika pakhomo n'kuyamba kulamula za ndiwo. Koma pa nkhani iyi ndikuona kuti mkonzi ndiye anaiwerenga bwino kuposa eni ake amene anailemba. Pamene a Shooter analakwa si mu 1980 pomwe anaumirira kuti Jean ayankhe mlandu ayi, koma mu 1986, pomwe analola kuti kampani imuukitse pomuchotsera mlandu wonsewo.

Kwa amene sanazolowere timabuku totere, ndi bwino ndifotokoze pang'ono. Nkhani zazithunzi za ku America zimatuluka m'timabuku topyapyala mwezi ndi mwezi, ndipo nkhani ya mwezi uno imapitiriza pamene ya mwezi watha inalekezera, mwina kwa zaka makumimakumi. X-Men anaiyambitsa a Stan Lee ndi a Jack Kirby mu 1963. Imakamba za achinyamata obadwa ndi mphamvu zachilendo, amene m'nkhanimo amatchedwa ma mutant. Anthu wamba amawaopa ndi kuwasala, koma mphunzitsi wawo, Charles Xavier, amawaphunzitsa kuteteza anthu omwe akuwasalawo. Pa ophunzira asanu oyambirira, Jean Grey yekha ndiye anali wamkazi. Ankatha kusuntha zinthu ndi maganizo chabe, koma kawirikawiri ntchito yake m'nkhani inali yoti anyamata azimusirira. Timabukuti sitinkayenda malonda, moti mu 1970 kampani inasiya kulemba nkhani zatsopano za X-Men n'kumangosindikizanso zakale.

Zinthu zinasintha mu 1975 pamene a Len Wein ndi wojambula wina, a Dave Cockrum, anabweretsa gulu latsopano la atengambali ochokera m'maiko osiyanasiyana: Colossus wa ku Russia, Nightcrawler wa ku Germany, Wolverine wa ku Canada, ndi Storm, mkazi wolamula mphepo ndi mvula amene Xavier anakamupeza ku Kenya. Posakhalitsa ntchito yolemba inapita kwa a Claremont, omwe anaigwira zaka 16 mpaka mu 1991. A Claremont ndi a Cockrum ndiwo anaganiza zomukweza Jean. Mu 1976 anamuonetsa akuyendetsa chombo cham'mlengalenga kudutsa m'cheza choopsa cha dzuwa kuti apulumutse anzake, akudziwa kuti iye sapulumuka. M'kabuku ka nambala 101 chombocho chikugwera m'madzi a Jamaica Bay ku New York, ndipo Jean akuvuuka m'madzimo ali ndi mphamvu zoposa za anzake onse, n'kudzitcha Phoenix, dzina la mbalame ya m'nthano zakale imene imapsa n'kubadwanso kuchokera m'phulusa lake. Patapita chaka, m'kabuku ka nambala 108, iye akupulumutsa chilengedwe chonse kuti chisawonongeke. Mfundo imeneyi tisaiiwale, chifukwa idzabweranso pa mlandu wake.

Kabuku ka nambala 108 komweko ndi kamene a Byrne anayambira kujambula X-Men. Apa n'kofunika kumvetsa mmene ankagwirira ntchito ku Marvel, chifukwa mkangano wonse unabadwira pamenepo. Mlembi sankalemba nkhani yonse n'kupatsa wojambula kuti angotsatira. Awiriwo ankayamba agwirizana za tsatanetsatane wa nkhani, kenako wojambula ankapita kukaijambula ndi pensulo, n'kumasankha yekha zoti aonetse ndi zoti asiye. Zithunzi zikatha ndi pamene mlembi ankaika mawu m'kamwa mwa atengambali. Pambuyo pake a Terry Austin ankadutsitsa inki m'mizere ya pensuloyo, a Tom Orzechowski ankalemba zilembo ndi dzanja, ena n'kupaka mitundu. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma osenza denga akachuluka aliyense amaona mbali yake yokha. A Claremont ndi a Byrne, onse obadwira ku England mu 1950, wina n'kukulira ku America wina ku Canada, ankasiyana maganizo kawirikawiri pa za khalidwe la atengambali awo. Wojambula ankatha kujambula nkhope ikutanthauza china, mlembi n'kuikapo mawu otanthauza chinanso. Ubwino wambiri wa X-Men wa zaka zimenezo unachokera m'kukokanakokana kumeneku.

Nkhani ya Dark Phoenix ikuyamba ndi chinyengo. Pali kagulu ka anthu olemera kwambiri kotchedwa Hellfire Club, kotsogozedwa ndi Sebastian Shaw, kamene kakufuna kugwiritsa ntchito mphamvu za Jean. Mmodzi wa iwo, Jason Wyngarde, ndi katswiri woonetsa anthu zinthu zimene palibe. Kwa miyezi ingapo iye wakhala akulowa m'maganizo a Jean n'kumamulotetsa ali maso kuti ndi mayi wolemekezeka wa zaka za m'ma 1700, wachuma, wankhanza, amene palibe womuletsa chilichonse. Wyngarde sakumupatsa Jean mtima watsopano. Akungotsegula chitseko cha zilakolako zimene mtsikana woleredwa bwinoyu wakhala akuzipondereza. Pali chithunzi chimodzi chimene wowerenga wa kuno ku Africa sangachidutse mwachangu: m'malotowo Jean akuona Storm, mnzake wapamtima, ngati kapolo wake, ndipo akumuchitira chipongwe. Alembiwo anafuna kuonetsa kuya kwa dzenje limene Jean wagweramo, koma chithunzicho chimawawa ndithu, makamaka poona kuti Storm anali mmodzi wa akazi akuda ochepa kwambiri m'timabuku ta nthawi imeneyo.

Jean akumasuka m'manja mwa Wyngarde, koma chitseko chija sichikutsekekanso. M'kabuku ka nambala 135 akugonjetsa anzake a X-Men ngati akuseweretsa ana, n'kuuluka kupita kutali m'mlengalenga. Ulendowo ukumutopetsa, akumva njala, ndipo akulowa mkati mwa nyenyezi ina n'kuidya. Nyenyeziyo inali dzuwa la dziko la anthu otchedwa D'Bari, mmene munkakhala anthu 5 biliyoni. Dzuwa litaphulika onsewo akupsa. Zonsezi zikuchitika m'zithunzi zochepa chabe. Tikuona anthu a maonekedwe achilendo atayang'ana kumwamba, osadziwa kuti chikuchitika n'chiyani, kenako kuwala, kenako palibe. Palibe mmodzi wa iwo amene tauzidwa dzina lake. Mawu amene a Claremont anaika pazithunzizo sakusonyeza Jean akulira kapena akulimbana ndi china chake mumtima. Akusonyeza munthu amene akusangalala ndi kukhuta kwake. Pobwerera akuphwanyanso chombo chankhondo cha ufumu wa Shi'ar chimene chinaona zonsezi.

Kenako Jean akufika kunyumba kwa makolo ake, usiku, ngati mwana amene wabwera kutchuthi. Xavier akulimbana naye m'maganizo n'kukwanitsa kutsekera mphamvu zija, ndipo akuvomera kuti wapambana chifukwa Jean mwini wake anamuthandiza. Koma a Shi'ar afika kale kudzamutenga. Mfumukazi yawo, Lilandra, ndi bwenzi la Xavier, ndipo ikudziwa bwino kuti ufumu wake ulipo lero chifukwa cha zimene Jean anachita m'kabuku ka nambala 108 muja. Ngakhale zili choncho ikunena kuti Phoenix ayenera kuwonongedwa. Mathero amene a Claremont ndi a Byrne anakonza anali akuti a X-Men agonja pankhondo yomenyera moyo wa Jean, a Shi'ar amuika pamakina n'kumuchotsa mphamvu zake zonse, kenako amupereka kwa anzake kuti abwerere naye kwawo ngati munthu wamba. Mkonzi wa X-Men, a Jim Salicrup, anali atavomereza kale. Masamba anali atajambulidwa.

A Shooter ataona zithunzi za dziko la D'Bari likupsa, anafuna kudziwa kuti nkhaniyi ithera pati. Atauzidwa anakana. Mfundo yawo inali yosavuta kumva: munthu amene wapha anthu mabiliyoni sangangolandidwa chida chake n'kuuzidwa kuti pita kwanu, ngati kuti palibe chachitika. Anayerekeza zimenezi ndi kugwira Hitler wamoyo n'kumusiya kuti azikakhala mwamtendere. Iwo ankafuna kuti Jean akatsekeredwe kundende yakutali m'mlengalenga n'kumazunzika kumeneko. A Claremont ndi a Byrne anaona kuti zimenezo sizingagwire, chifukwa a X-Men sakanagona tulo mnzawo ali m'ndende. Mwezi uliwonse akanamapita kukathyola chitseko. Ndiye anasankha kuti bola afe. Malinga ndi mmene a Shooter ankafotokozera pambuyo pake, a Claremont anatchula za imfayo mokwiya, poganiza kuti mkonzi sangalole kupha mtengambali wofunika chotere. Mkonzi analola. Masamba omaliza anajambulidwanso mothamanga.

Mu 1984 Marvel inasindikiza mathero oyamba aja m'kabuku kotchedwa Phoenix: The Untold Story, ndipo kumapeto kwake inaikako zokambirana za anthu amene anagwira ntchitoyi. M'zokambiranamo muli chinthu chimene kwa ine chimathetsa mkangano. A Byrne ndi a Salicrup anati iwo sankaona vuto kumumasula Jean chifukwa ankamutenga ngati munthu wogwidwa ndi chiwanda. Wakupha anali chiwandacho, osati iye. A Claremont anavomera kuti pamene ankalemba analibe yankho limodzi m'mutu mwawo, kaya Jean anagwidwa kaya ankachita yekha. Ndiye kuti anthu atatu amene anali pafupi kwambiri ndi nkhaniyi sankalemba nkhani imodzi. A Shooter analibe njira yodziwira za m'mitu ya anzawowo. Iwo anangowerenga zimene zinali papepala, monga mmene wowerenga wina aliyense akanachitira, ndipo papepala panalibe chiwanda. Panali Jean, njala yake, ndi chisangalalo chake. Ife tomwe timawadziwa mawu oti "anali satana" amene munthu amanena akagwidwa ataba mbuzi ya eni. Pabwalo la milandu sawamvera, ndipo sindikuona chifukwa choti wowerenga awamvere.

Tiyeni tione tsopano mathero amene anatuluka. Xavier akupempha kuti mlandu uweruzidwe ndi nkhondo, malinga ndi mwambo wa a Shi'ar omwewo. Usiku woti mawa n'kumenyana, aliyense wa a X-Men ali payekha n'kumadzifunsa ngati ndi bwino kumenyera munthu amene wachita zoterezi. Masamba amenewa ndi odekha, mulibe nkhonya, koma ndi amene amandigwira mtima kwambiri. M'mawa Jean akuvala zovala zake zakale zobiriwira, za masiku amene anali mtsikana wopanda mphamvu zambiri. Nkhondo ikuchitikira m'mabwinja a mzinda wakale pamwezi, ndipo a X-Men akugwa mmodzimmodzi mpaka kutsala Jean ndi bwenzi lake Cyclops. Cyclops atagwa, mphamvu za Phoenix zikudzukanso. Apa ndiye pampondachimera. Jean akuthawira mkati mwa mabwinjamo, Cyclops akumutsatira, iye akumugwira ndi mphamvu zake kuti asasunthe, akumuuza kuti sangathe kudziletsa mphindi iliyonse ya moyo wake wonse, ndipo tsiku limene adzalephere adzafa enanso. Kenako akuyatsa yekha chida chakale chankhondo chimene chinali m'mabwinjamo.

Tikayerekeza mathero awiriwa, kusiyana kwake sikuli pa kufa kapena kusafa kokha. M'mathero oyamba Jean ndi wochitiridwa zinthu kuyambira pachiyambi mpaka pomaliza. Wyngarde anamunyenga, Xavier anamutsekera, a Shi'ar amuika pamakina, Cyclops amutenga kupita naye kunyumba. M'mathero achiwiri chigamulo chomaliza ndi chake. Akuvomera kuti anapha ndi iye, ndipo sakudikira kuti mfumukazi kapena mphunzitsi amuuze chochita. Mtengambali amene mu 1963 ankangokongoletsa gulu ndiye akukhala yekhayo m'nkhani yonse amene wayang'ana mlanduwo osaphethira. Sindikunena kuti kudzipha ndi njira yolipirira mlandu m'moyo weniweni ayi. M'nkhaniyi Jean ndi bomba limene likudziwa kuti lidzaphulikanso, ndipo palibe munthu weniweni amene ali choncho. Ndikunena za luso la kalembedwe. Mathero ochokera m'khalidwe la mtengambali amaposa mathero amene makina a alendo akubwera kudzathetsa zonse.

Alipo amene anganene kuti ngakhale zotsatira zinali zabwino, mkonzi analibe ufulu wokakamiza alembi. Mfundoyi ndimaimva, ndipo a Shooter, omwe anamwalira mu 2025, sanali munthu wofewa. Pa zaka zimene anali mkonzi wamkulu, kuyambira 1978 mpaka 1987, alembi ndi ojambula angapo otchuka anachoka ku Marvel chifukwa chosagwirizana nawo. Koma tionetsetse chimene anachita pa nkhani iyi. Sanalande cholembera n'kulemba okha mathero. Maganizo awo a ndende aja anali oipa kuposa a alembi, ndipo anakanidwa. Chimene anachita ndi kuloza ngongole imene nkhaniyo inatenga m'kabuku ka nambala 135 n'kunena kuti iyenera kubwezedwa. Kabuku kotuluka mwezi ndi mwezi kalibe nthawi yoti mlembi akaike m'kabati kwa chaka n'kudzakawerenganso ndi maso atsopano. Maso atsopanowo ndi a mkonzi, ndipo mkonzi amene amangovomera zilizonse sakumuthandiza mlembi.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyambayi, ndipo mbali ina ndikuivomera. Ena amati nkhaniyi ikuphunzitsa kuti mkazi akakhala ndi mphamvu zambiri amapenga, ndipo mankhwala ake ndi imfa. Umboni wawo si wochepa. M'timabuku ta Marvel momwemo muli Galactus, chimphona chimene chakudya chake ndi maiko. Mu 1982 a Byrne omwewo, atachoka ku X-Men n'kuyamba kulemba ndi kujambula Fantastic Four, anaonetsa ngwazi ina, Reed Richards, ikupulumutsa moyo wa Galactus pamene anali pafupi kufa. Galactus atachira anakadya dziko lalikulu la mtundu wa Skrull. Mu 1984 Richards anaimbidwa mlandu, womuzenga ali Lilandra yemwe uja, ndipo anamasulidwa pa mfundo yoti Galactus ndi gawo la chilengedwe, monga chivomezi kapena kusefukira kwa madzi, choncho saweruzidwa ngati munthu. Mkonzi wamkulu anali a Shooter omwewo. Chimphona chachimuna chikudya maiko n'kumayendabe, mkazi wadya limodzi wafa.

Kusiyana kulipo ndithu. Galactus palibe amene amamutcha ngwazi, ndipo sabwera kudzadya chakudya cham'mawa ndi ana asukulu a Xavier, pamene Jean ankayenera kubwerera pakati pa anthu abwino. Komabe muyeso sunali umodzi, ndipo m'zaka zotsatira Marvel inabwerezabwereza nkhani ya mkazi wamphamvu wosokonekera mutu, monga inachitira ndi Scarlet Witch mu 2004, mpaka inasanduka chizolowezi choipa. Koma ngati vuto ndi limeneli, mankhwala ake sanali kumumasula Jean m'njira imene alembi anakonza. Mathero oyamba aja, omuchotsa mphamvu n'kumubweza kwa mwamuna ali wofooka, ndiwo akunena momveka kuti mkazi wabwino ndi wopanda mphamvu. Mathero amene anatuluka akumusiya ndi mphamvu zake mpaka mphindi yomaliza, ndipo palibe mwamuna amene akumugonjetsa.

Tsopano tifike pamene ndikusiyana ndi a Shooter. Imfa ya Jean inagwedeza owerenga, ndipo X-Men inakwera mpaka kukhala kabuku kogulidwa kwambiri ka Marvel. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 kampani inafuna kabuku kena katsopano, X-Factor, kosonkhanitsanso ophunzira asanu oyambirira aja. Anayi analipo, wachisanu anali atafa. A Shooter anali ataika lamulo loti Jean angabwerere pokhapokha patapezeka njira yomuyeretsa pa mlandu wa D'Bari. Njirayo inachokera kwa a Kurt Busiek, omwe anaiganiza akadali wowerenga wamba asanakhale mlembi wotchuka, ndipo inafika kwa a Byrne kudzera mwa mlembi wina, a Roger Stern. Mu 1986, m'timabuku ta Avengers nambala 263 ndi Fantastic Four nambala 286, owerenga anauzidwa kuti amene anavuuka m'madzi mu 1976 sanali Jean. Chinali chamoyo china cham'mlengalenga chimene chinatengera thupi lake ndi maganizo ake, pamene Jean weniweni anali chigonere m'chikwa pansi pa Jamaica Bay nthawi yonseyo, akuchira.

Lamulo la a Shooter linatsatidwa, koma cholinga chake chinaphedwa. Chiwanda chija chimene sichinali papepala mu 1980 chinalembedwamo mokakamiza. Ngati wakupha sanali Jean, ndiye kuti amene anayang'ana mlandu osaphethira pamwezi paja sanalinso Jean. Pomuchotsera tchimo anamuchotseranso chinthu chachikulu kwambiri chimene anachitapo. Misozi ya Cyclops, maliro a m'kabuku ka nambala 138, kusowa tulo kwa anzake usiku uja, zonsezo zinali za chithunzithunzi chabe. Ndipo anthu 5 biliyoni aja anatsala opanda wowayankhira, chifukwa chamoyo cham'mlengalenga, monga Galactus, sachitengera kubwalo. Akuluakulu amati mlandu suola, koma ku Marvel anapeza njira yongosintha dzina la woimbidwa mlanduwo.

Kuwonongeka sikunathere pomwepo. A Claremont anali atamupezera Cyclops mkazi wina, Madelyne Pryor, n'kuwakwatitsa mu 1983, ndi cholinga choti mnyamatayo apume pankhondo akalere banja. Kuti X-Factor itheke, Cyclops anasiya mkazi ndi mwana wakhanda n'kuthamangira kwa bwenzi lake lakale. Owerenga sanamukhululukire msanga, ndiye panafunika kuti iyenso ayeretsedwe. Mu 1989, m'nkhani imene a Claremont omwewo analemba mothandizana ndi a Louise Simonson, zinaululidwa kuti Madelyne sanabadwe ngati anthu ena koma anachita kupangidwa kuchokera ku thupi la Jean. Anamusandutsa mfiti yofuna kupereka nsembe mwana wake yemwe, ndipo anafa. Amene amadandaula za akazi openga m'timabukuti ayambire apa. A Claremont sanakondwe ndi kubwerera kwa Jean, koma analibe ponena. Atengambali onsewa ndi katundu wa kampani, mlembi ndi waganyu, ngakhale alembe zaka 16. Mphamvu yomweyo imene inalola mkonzi kukonza nkhani mu 1980 ndi imene inalola kampani kuigumula mu 1986, ndipo ndikuvomera kuti pamenepa mfundo yanga yoikira kumbuyo mkonzi ili ndi malire.

Mnzanga wina nditamufotokozera zonsezi anaseka n'kunena kuti ndikudandaula zachabe. Anati Kalulu wa m'nthano zathu amakodwa, Fisi amafa, koma mawa madzulo agogo akayamba nthano ina onse ali moyo, ndipo palibe mwana amene amafunsa kuti Fisi wauka bwanji. Nanga Jean alekerenji kuuka? Yankho langa ndi lakuti nthano sinamiza womvera. Iliyonse imayamba payokha n'kuthera payokha, ndipo agogo satiuza kuti Fisi wa dzulo uja sanali Fisi. Marvel ikanatha kuchita chimodzimodzi, kuyamba nkhani ina ya Jean n'kuisiya ya 1980 ili chiimire. Koma malonda a timabukuti amadalira lonjezo loti zonse ndi mbiri imodzi yopitirira, kuti zimene wawerenga mwezi uno zidzakhala ndi zotsatira mwezi wamawa. Wowerenga amalipira chifukwa cha lonjezo limenelo. Ukamuuza patapita zaka kuti munthu amene anamulira uja sanali iyeyo, walanda chimene unamugulitsa. Kuchokera pamenepo imfa m'timabuku totere inatsika mtengo. Superman, wa kampani ya DC, anafa mu 1992 n'kubwerera chaka chotsatira. Jean yemweyo anadzafanso m'nkhani ya a Grant Morrison kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, n'kuukanso patapita zaka zoposa khumi. Masiku ano ngwazi ikafa owerenga amangowerengera miyezi.

Opanga mafilimu ayesa kawiri kuitenga nkhaniyi, ndipo kawiri konse azemba malo omwewo pamene a Shooter anaima. Mu X-Men: The Last Stand ya mu 2006, Jean, amene anaseweredwa ndi a Famke Janssen, sakudya nyenyezi iliyonse. Phoenix ndi umunthu wake wachiwiri umene Xavier anautsekera iye ali mwana, ndipo pamapeto amene akumubaya ndi Wolverine. Jean ndiye akupempha, koma dzanja ndi la mwamuna, ndipo kamera ikutsalira pa chisoni cha mwamunayo. Mu Dark Phoenix ya mu 2019, imene anatsogolera a Simon Kinberg, a Sophie Turner akusewera Jean amene walowedwa ndi mphamvu yochokera m'mlengalenga, ndiye kuti chiwanda chija chilipo kuyambira pachiyambi. Filimuyi sinayende malonda. Koma chimene chinandidabwitsa ine ndi a D'Bari. Alimo. Dziko lawo linawonongedwa ndi mphamvu ija isanamupeze Jean, choncho iye alibe nalo mlandu. Opulumuka ake abwera padziko lapansi, akupha anthu n'kutenga maonekedwe awo, motsogozedwa ndi Vuk, amene akuseweredwa ndi a Jessica Chastain. Anthu amene mu 1980 anangoyang'ana kumwamba n'kupsa, amene imfa yawo inachititsa mkonzi kukana masamba ojambulidwa kale, mu 2019 ndiwo adani, ndipo filimu ikutha Jean akuwapsereza, oonera akuyembekezeka kuwomba m'manja.